Mipata ya pa Khadi la Esinati

Malemu amayi anga ankati, "Munthu amene sukudziwa kwawo umupatse madzi, koma usamupatse mawu." Anali ndi chifukwa. Achimwene anga anatengedwa nthawi ya chipani chimodzi kaamba ka zomwe analankhula m'basi, ndipo sitinawaonenso. Kuyambira apo ine sindinkakhulupirira munthu.

Ntchito yanga yoyamba kunja kwa nyumba inandipeza ndili kale ndi zidzukulu, chaka cha chisankho choyamba cha matipate. Mphunzitsi wa kalasi ya ofuna ubatizo pampingo wathu ku Bangwe anasamukira ku Chilomoni, ndiye a Gondwe, mkulu wa mpingo, anabwera kwathu. Ndinawayankhira pawindo.

"Mayi Phiri, mumawerenga bwino, komanso inu palibe angakupusitseni," anatero. Anandisiyira katekisimu, choko, cholembera chofiira ndi mulu wa makhadi.

Tinkakumana Lachinayi masana. Pemphero, nyimbo, kenako ine kufunsa za m'katekisimu, iwo kuyankha pamtima. Pomaliza aliyense ankabweretsa khadi lake kuti ndichonge. Wa khadi lodzaza ankakayesedwa kwa akulu a mpingo, wa khadi la mipata ankadikira chaka china.

M'kalasimo munali Esinati, mayi wothawa nkhondo ku Mozambique, amene ankaphwanya miyala n'kumagulitsa. Sankatha kuwerenga. Ankakhala benchi lakutsogolo, maso ali pakamwa panga, n'kumapempha kuti ndibwereze yankho kawiri katatu. Tsiku lililonse ankavala nsalu ya chipani cholamula. Mumtima ndinati uyu watumidwa kudzamva zolankhula zathu. Atayamba kujomba, ndinagamula ndekha kuti amapita kumisonkhano ya ndale.

Loweruka la mayeso a Gondwe anatembenuza khadi lake, napeza mipata yambiri. Anandifunsa chifukwa, ine n'kunena zomwe ndinkaganizazo, mwini wake ali pomwepo. Esinati anangoti, "Ayi amayi," natuluka.

"Munamuona kumsonkhanoko?" a Gondwe anafunsa.

"Ayi."

"Nanga kwawo munafikako?"

"Sindinafikeko."

"Mayeso akutha folo koloko. Tengani khadili mupite."

Ndinakwera mtunda ndikufunsa njira kwa amayi a pampopi. Ndisanaodire n'komwe, ndinamva mafunso a m'katekisimu akuchokera m'kachipinda ka lendi. Ndinasuzumira. Esinati anali chogwada, akupukuta mtsikana woyandikana naye nyumba, wowonda kwambiri, amene abale ake anamuthawa poopa matenda aja a Edzi. Ankamufunsa, wodwalayo n'kumayankha motsitsa. Akaphonya, Esinati ankati, "Tabwerezani bwinobwino, Mulungu sakuthamangira basi." Amenewo anali mawu anga enieni a m'kalasi.

"Akadwalika Lachinayi sindingamusiye yekha, amayi," Esinati anandiuza nditalowa. "Ndimakuvutitsani kubwereza kuti ndisataye mawu panjira. Nsaluyi anagawa ulere pamsika, ina ndilibe."

Manyazi anandigwira. Kuchonga masiku amene sanabwere sindikanatha, likanakhala bodza. Ndinalemba kuseri kwa khadi ndi cholembera chofiira chija kuti, "Ndaona ndi maso anga. Wolakwa ndine." Ndinamulanda kansalu kopukutira, n'kumuuza kuti athamange nalo khadilo kutchalitchi, wodwala nditsala naye.

Akulu a mpingo anamuyesa ndipo anayankha zonse. Anabatizidwa Lamulungu lotsatira. Mtsikana uja abusa anakamubatizira pamphasa pake, asanatisiye mvula itayamba.

Ndinaphunzitsa kalasi imeneyo mpaka maso atayamba kuchita nkhungu, ndipo sindinabwezenso munthu ndisanaponde pakhomo pake. Khadi limangonena amene anakhala pabenchi. Silinena amene ananyamula mawu kupita nawo kwa wina. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha a Gondwe amene anandikweza mtunda tsiku lija, komanso chifukwa cha Esinati, amene mpaka lero sanandikumbutsepo za mawu anga oipawo. Kalasi ija anadzaitenga ndi iyeyo, katekisimu yense ali m'mutu.

Kusintha kwenikweni sindinasinthe. Chitseko ndimakhomabe ngakhale masana, ndipo mdzukulu wanga akabwera ndi chenji ndimayang'anitsitsa nkhope yake. Koma miyendo yatha, kutchalitchi sindifikako, ndipo benchi langa nalonso lili ndi mpata tsopano. Musagamule muli kutali ngati mmene ndinachitira ine. Mukadutsa ku Bangwe, dzandioneniko. Mugogode n'kutchula dzina ndi kwanu. Ndiyamba ndakuonani pawindo, koma nditsegula.