Chaka Chimene a Jasuben Sanaphike Nankhatai

Mumsewu wathu wopanikizika uja ku Surat, ukafunsa kuti ndani amadziwa kuphika timabisiketi ta nankhatai, aliyense amaloza khomo lobiriwira la a Jasuben. Ukafunsanso kuti ndani ali ndi pakamwa polasa, chala sichisuntha, chimaloza khomo lomwelo.

Anabwera kuno ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuchokera ku Navsari, kudzakwatiwa ndi a Dhansukhbhai amene ankagwira ntchito yopota ulusi wonyezimira wa m'mphepete mwa nsalu za sari. Atsikana ena amabwera ku ukwati ndi zibangiri. Iwo anabwera ndi mphika wolemera komanso kathumba ka mchenga. Apongozi awo anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa ngati ku Navsari anamva kuti mtsinje wa Tapi mchenga unatha. Koma chikondwerero choyamba cha Diwali chitafika, n'kulawa zimene zinatuluka mumphikamo, nkhani ya mchenga sanaitchulenso.

Kaphikidwe ka a Jasuben sikanasinthe kwa zaka makumi anayi. Kukatsala masiku asanu kuti Diwali ifike, ankakhala pansi m'mamawa n'kuyamba kutakasa gii, mafuta a batala aja, ndi shuga wopera, ndi dzanja, mpaka ziyere ngati thovu. Kenako ufa wa tirigu, ufa wa tchana pang'ono, ndi elachi wosinja kuti zinunkhire. "Ufa saukanda ngati ukuchapa zovala," ankatero kwa mpongozi wawo Hetal. "Amausisita." Mchenga uja ankauthira pansi pa mphika kuti utenthe, pamwamba n'kuika mbale ya timibulu, n'kuvundikira. Timabisiketi tikang'aluka pamwamba, ankati tamwetulira, basi tapsa. Mwana wawo atawagulira uvuni yamagetsi anathokoza bwinobwino, ndipo mpaka lero amasungiramo makapu.

Kunena zoona, nankhatai zawo zinali zabwino. Ukaika pakamwa inkasungunuka usanaganize zotafuna. Vuto linali lakuti eni ake ankadziwa zimenezo.

Pa Diwali mbale zimayenda khomo ndi khomo, ndipo mbale ya mnzako suibweza yopanda kanthu. Ndiye mbale zonse za mumsewu zinkadutsa pakhonde pa a Jasuben, ndipo palibe inkachoka osaweruzidwa. Za uyu gii wachepa, anaumira. Za uyo zapserera kunsi, ankaonera kanema. Koma amene ankachimina kwambiri anali a Vimlaben a khomo loyang'anana nalo, mayi wojintcha, woseka mokweza, amene nankhatai zawo zinkatuluka zolimba gwa chaka ndi chaka.

"Vimlaben," ankakuwa a Jasuben msewu wonse ukumva, "mwatitumizira zodya kapena zomangira chipupa? Dokotala wa mano mumagawana naye?"

"Idyani, mano alimbe!" ankayankha a Vimlaben, osakwiya n'komwe.

Zolimbazo a Jasuben ankazikhuthulira m'chitini chakale n'kuitana amuna awo. Dzina lawo sankalitchula, monga anaphunzitsidwira kwawo. "Mukumva? Popita kuntchito mukapatse ng'ombe za pakachisi." A Dhansukhbhai, munthu wa mawu ochepa, ankangoti chabwino, n'kumangirira chitinicho panjinga.

Bambowa anali ndi khalidwe limodzi lokha limene linkawapsetsa mtima akazi awo: chilichonse ankaviika mu tiyi. Buledi, chapati chotsala, chilichonse. Tsiku lina ali achinyamata anaviika nankhatai ya akazi awo, ndipo inasungunukiramo yonse, tiyi n'kusanduka phala. Lamulo linaikidwa pomwepo lakuti nankhatai ya m'nyumba muno saiviika. Analisunga moyo wawo wonse. Ankadya imodzi youma, n'kunena kuti yakoma, kenako n'kumwa tiyi payekha.

Chaka chatha, mvula ili mkati, a Dhansukhbhai anagona masana atadya ndipo sanadzukenso. Anapita mwakachetechete monga mmene ankakhalira.

Aliyense amadziwa kuti nyumba imene yagwa maliro siphika zotsekemera pa Diwali yoyamba. Imadikira za anansi. Kutatsala masiku asanu, a Jasuben anadzuka m'mamawa, manja akuyabwa, n'kukumbukira kuti mphika sutsika chaka chino. Anakhala pakatungwe pabalaza, fungo la gii ndi elachi likulowera pazenera kuchokera kumakomo onse. Ankatha kumva ndi mphuno yokha kuti kwa uje zikupserera, koma panalibe womuuza.

Ndipo anayamba kuchita mantha. Sinali njala ayi. Ankaopa kuti palibe abweretse kanthu, kuti Diwali idutsa mbale zikungolambalala khomo lobiriwira, msewu wonse n'kuona kuti mayi uja anatsala yekha ndi lilime lake. Tsiku loyamba linadutsa. Lachiwiri linadutsanso. Pazenera ankaona mbale zovundikira ndi nsalu zikuwoloka msewu uku ndi uku, koma pakhomo pawo zii.

"Anthu a masiku ano mwambo sakuudziwa," anatero kwa Hetal.

"Akuudziwa, amayi," anayankha Hetal, amene atakhala nawo zaka khumi anali atasiya kuwaopa. "Koma angayerekeze ndani? Mbale ikabwera kuno imakhala ngati yapita kukhoti."

A Jasuben anangobwerera pazenera. Anthu akuti aka kanali koyamba kuti agonje pa mkangano.

Tsiku lachitatu, nthawi ya tiyi wamadzulo dzuwa likadalipo, chitseko chinakankhidwa popanda odi. Anali a Vimlaben, akupuma wefuwefu, atanyamula mbale yodzaza mpaka kusefukira.

"Njerwa zanu izi," anatero, n'kuitsitsa patebulo. "Enawo akunjenjemera kumakomo kwawo, akuti ndiyambe ine poti ndinazolowera kutukwanidwa."

Mtima wa a Jasuben unakhala pansi, koma pakamwa panathamanga mwachizolowezi. "Zonsezi? Mukufuna ng'ombe za pakachisi zithe mano?"

A Vimlaben anakhala pakatungwe, zingwe n'kulira. "Jasuben, ng'ombe zimene zija sizinalawepo nankhatai yanga ngakhale imodzi. Ng'ombe yanu inali ya miyendo iwiri, yokwera njinga."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Chitini chija chinkathera kuntchito, pansi pa tebulo lawo. Chikatha ankaima pakhomo panga, kuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, n'kunong'ona kuti, ‘Vimlaben, zolimba zija zatsalako?’ Ankati zanu n'zolemekezeka, munthu amadya atakhala bwino, koma zanga n'zimene zimapirira tiyi." Anaseka, koma kusekako kunathera panjira. "Chaka chino ndaphika zambiri ngati kale. Ndazindikira nditaphula kale kuti wodzapempha palibe."

A Jasuben anapsa mtima zenizeni. Zaka makumi anayi! Munthu kumadya njerwa za eni mobisa, kunyumba n'kumati zakoma! Akanakhala pafupi akanamva zosaiwalika. Koma pamene ankafuna woti amukalipire, maso awo anagwera pampando wopanda munthu pafupi ndi zenera, ndipo mkwiyo unasanduka chisoni. Anaona kuti bambo uja ankangofuna kanthu kakang'ono koviika mu tiyi, ndipo kwa zaka zonsezo anasankha kukabisala nako kusiyana n'kuwakhumudwitsa.

Hetal anabweretsa tiyi wamkaka m'makapu awiri. A Jasuben anatola nankhatai imodzi, kuitembenuza, kuona kunsi kopserera. Kenako anaiviika. Anadikira. Anaitulutsa ili yathunthu, itamwa tiyi, yofewa kunja, mkati ikadali ndi mphamvu. Analuma.

"Shuga wachepa," anatero, misozi ikutsika. Anatolanso ina.

Atamaliza tiyi, a Vimlaben anaimirira kuti atenge mbale yawo, zotsalazo Hetal atazikhuthulira m'chitini chakale chija. Apa m'pamene a Jasuben anazindikira kuti agwidwa. Mbale sibwerera yopanda kanthu, koma m'nyumbamo munalibe chotsekemera ngakhale chimodzi.

"Taimani," anatero. Analowa kukhitchini, kunamveka kukoka mpando ndi kugubuduka kwa ziwiya. Anatuluka mbale ija itadzaza mchenga wakuda, wosefedwa bwino, umene unachokera ku Navsari zaka makumi anayi zapitazo.

Msewu wonse unkadziwa kuti mchengawo ngakhale Hetal sankaloledwa kuukhudza.

"Ndiye mukufuna ndiziphika zofewa ngati zanu?" anafunsa a Vimlaben.

"Musayerekeze," anatero a Jasuben, akupukuta m'maso ndi nsonga ya sari yawo yoyera. "Mchengawo ndi woti zisiye kupserera kunsi basi. Kulimbako musakusinthe. Ndipo chaka chamawa muphike zambiri ngati kale, wodzapempha alipo."