Chitini Chomwera Nkhunda

Tsiku limenelo ku Chapananga kunatentha kuyambira m'mamawa. Mvula inali itadula pakati pa dzinja, nyenje zikulira m'mitengo ya tsanya, ndipo kumunda wa thonje kunkamveka mpope wa bambo ukufwenthera. Fungo la mankhwala ophera mbozi linkafika mpaka pakhonde, lofanana ndi la parafini.

Ndinali ndi nkhunda zanga, zimene zinaswana kuchokera pa ziwiri zomwe amalume anandipatsa. Phale lawo lomwera linali litasweka, motero zinkauluka kukafuna madzi kumtsinje wa Mwanza, kumene amayi ankafukula mchenga kuti atunge. Kumeneko akabawi ankazigwira.

Madzulo ake bambo ndi amalume anabwera ndi chitini cha mankhwala chimene chinali chitatha. Kwathu chitini sichinkatayidwa. Anachitsuka ndi phulusa ndi mchenga, nkuchiika pansi pa khola.

"Nacho chomwera, mwini ziweto," anatero amalume akuseka. "Ngakhale mabwana a ku Nchalo alibe chotere."

"Chikununkhabe, bambo," ndinatero.

"Phulusa limachotsa zonse, mwanawe."

Nkhunda sizinafe nthawi imodzi. Zinayamba kusiya kulira m'mawa. Nthenga zinafwifwa, mapiko anagwa, mapira ndikawaza zinkangowayang'ana. Mazira anasukusa. Kenaka zinayamba kugwa imodziimodzi. Amayi atatumbula ina kuti tidye, chiwindi chake chinali chakuda, chonyenyeka pa chala ngati dothi lonyowa. Anakaikwirira kuseri kwa nkhokwe.

Pofika nthawi yotola thonje, khola linali zii. Ndinkati bambo ndi amalume anadziwa kuti chitinicho chinali chakupha, koma thonje linali lofunika kwa iwo kuposa ine. Ndinkawayankha mwaulemu monga kale, koma popemphera mayina awo ndinkawadumpha. Onse awiri anamwalira ndisanawauze za mkwiyo wangawo.

Chaka chimene mkazi wanga anatisiya, mwana wathu wamkazi, amene anaphunzira zaulimi, anabwera kudzakhala nane. Ndinamusimbira nkhaniyi tikusenda nyemba. Iye anati mankhwala otere amakanirira m'chitini, ndipo akamalowa m'thupi pang'onopang'ono amadya mnofu monga dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula. Thupi la mbalame limayesa kudziteteza, koma mphamvuyo imatha, ndipo chiwindi, chimene chimasefa poizoni, ndicho chimayamba kuwonongeka.

"Nanga zitini zina ankazitani, ababa?" anandifunsa.

Funsolo linandibwezera maganizo ku ubwana wanga. Ndinaona bambo atakhala pamthunzi kumunda, malaya atanyowa ndi mankhwala a mumpope, akumwa madzi m'chitini chonga chomwecho, nkupatsira amalume. Ndili mwana ndinkaziona tsiku ndi tsiku, koma maso anga anali pakhola pokha. Anapatsa nkhunda zanga chimene iwo eni ankamwera.

Lamulungu lotsatira ndinawatchula mayina onse awiri m'pemphero. Ndinawakhululukira.