Nambala ya pa Juzi

Bambo a mwana wanga ndi msilikali. Chaka chimene ndinabereka anawatumiza kukampu ya kumalire, kupitirira Vubwi, kumene foni sigwira. Tinasiyana titayambana. Amayi anga ankafuna kuti ndibwerere kwathu ku Sinda ndi khandalo, ndipo ine sindinakane, sindinavomerenso. Ndine munthu wamanyazi. Ponyamuka, amuna anga anangoti, "Lole ya chakudya ikafika kawiri yopanda kanthu kochokera kwa iwe, ndidzadziwa kuti unapita kwanu."

Kale loleyo inkanyamuka ku Katete Lachisanu loyamba la mwezi, ndipo akazi a asilikali ankangoima pageti la nyumba yosungiramo katundu n'kupatsira dalaivala timitolo tawo. Ndinakazinga nshawa, n'kusinja chiponde, n'kumanga botolo lake m'chitenje chimene anandigulira tili pachibwenzi. Nditafika pageti Lachisanulo, panali zii.

"Mwachedwa, amake mwana," anatero mayi wogulitsa zitumbuwa pamenepo. "Inapita Lachiwiri. Masiku ano ilibe tsiku. Akumalire akangotumiza uthenga kuti nyemba zatsala pang'ono, mawa lake yanyamuka."

Ulendo umodzi unali utapita.

Kuyambira pamenepo sindinakhazikike. Ndikamva galimoto yolemera pamsewu waukulu, ndinkasiya mbale zili ndi sopo n'kuthamanga. M'mawa uliwonse ndinkaima pansi pa mtengo kutsidya kwa geti, mwana kumsana, mtolo m'manja, koma osalimba mtima kulowa. Chiponde chinayandama mafuta, ndinasinja china.

Tsiku lina ndinapeza asilikali akupakira katundu m'lole ija. Thumba lililonse linali ndi kapepala ka timizere takuda, ndipo msilikali wina ankalozapo kamakina kolira ngati mwanapiye. Ndinapita kwa dalaivala, ndinagwada, n'kumupatsira mtolo.

"Amayi, mundichotsetsa ntchito," anatero. "Chosalembedwa sichikwera. Kaonaneni ndi a sajeni."

A sajeniwo anali mayi wamandala, wamawu aakulu. Atandiona nditaima pakhomo la ofesi yawo anati, "Tilembe uti, wakumsanayo kapena wam'manjayo?" Kenaka anandiuza kuti kale shuga ankaunjikana kukampu ina pomwe kwina akumwa tiyi wosatsekemera, ndipo mitolo ya mabanja inkasowa panjira. Tsopano mitoloyo ili ndi bokosi lakelake, koma uliwonse umafuna nambala ya msilikali woulandira.

Ndinatchula dzina la amuna anga.

"Dzina limenelo tili nalo anthu atatu. Nambala, mwana wanga."

"Chitenjechi achizindikira," ndinanong'ona.

"Iwo achizindikira, inde. Koma kamakinaka kunalibeko pachibwenzi chanu."

Asilikali opakira anaseka. Kunja dalaivala analiza injini, ndipo miyendo yanga inayamba yokha kubwerera kugeti. Mwana anayamba kulira chifukwa cha thukuta, poti ndinali nditamufunditsa juzi yakale ya bambo ake. Poichotsa ndinakumbukira timanambala ta inki tili mkati mwa khosi lake. Ndinali nditatichapa kambirimbiri osafunsa kuti n'ta chiyani.

"A sajeni!" Mawuwo anatuluka mokweza, mpaka ndinadzidzimuka ndekha. "Kodi si iyi?"

Anavula mandala, anayang'anitsitsa, anagogoda pakompyuta. "Ndi yomweyi. Uzani dalaivalayo adikire!" Anamata kapepala ka timizere pamwamba pa duwa la chitenje changa, kamakina kanalira, mtolo unalowa m'bokosi.

Ndinaima pamsewu mpaka fumbi linatha. Mtima sunatsike, chifukwa nanga akanatsitsa bokosilo kukampu ina?

Patapita masiku, mayi wa zitumbuwa uja anandikodola. A sajeni anali atamusiyira mtolo wanga wochokera kumalire. Chinali chitenje chomwe chija, chochapidwa mwachimuna, sopo akuonekabe m'mphepete. M'kati munali botolo lokombedwa mpaka pansi, ndi mabisiketi achisilikali olimba ngati njerwa. Madzulo ake ndinamasula chikwama chimene amayi anali atandilongedzera kale cha ku Sinda.