Kafoni Kanga ndi Nsomba Yowola

Tisanakwere phiri ndi anzanga a kutchalitchi kwathu ku Kafue Estates, ndinadzitama kuti m'chikwama mwanga muli kafoni kamabatani kothandiza pakagwa ngozi. "Mafoni yanu yakafa, ine nilipo," ndinatero.

Ngozi inagwadi. Ba Mwansa, mayi wotiimbitsa kwaya, anaterereka pamwala n'kubinya mwendo. Mafoni onse anali atatha moto ndi kujambula zithunzi.

"Ba Tembo, kafoni kaja kali kuti?" anandifunsa akubuula.

Nditamasula pulasitiki imene ndinakasungamo, munatuluka fungo loipa kwambiri. Nsomba yokazinga yotsala pa ulendo wapitawo ndinali nditaiiwala momwemo. Inali itasungunuka, ndipo mphutsi zonenepa zinkayenda pamabatani. Mwina kafoniko kakanayaka, sindikudziwa. Dzanja langa linakana kulowamo.

Ndinatseka zipi msangamsanga. "Pepani, nakaibala kunyumba."

Ba Mwansa tinawatsitsa phirilo titawabereka mosinthana, iwo akulira ndi ululu. Titafika pamsewu anandigwira dzanja. "Mulungu akudalitseni, mwanipapa pamsana maningi." Kenako anakwinya mphuno. "Koma pali galu wakufa pafupi, ai?"

"Eee," ndinayankha, ndipo ndinayamba kuthandiza anzanga kufunafuna galuyo m'thengo.