Wotchi ya a Jeremiya Inkati Ali Bwino

Mukafika kwathu ku Chulu n'kufunsa za a Jeremiya Nkhoma, anthu adzakufunsani kuti, "Ati? A belu aja?" Ndi omwewo. Kwa zaka makumi awiri ndi kusefukira, iwo ndi amene ankaimba belu pa tchalitchi chathu. Belu wake ndi limu ya tayala la thirakitala yopachikidwa pa mthethe, koma akaimenya iwo inkamveka mpaka kudambo. Ndikulemba za iwo chifukwa ndaona kuti palibenso wina amene adzalembe. Olemba nyuzi sadutsa kuno, ndipo ine chisiyireni sukulu nthawi ndili nayo yambiri. Zina ndinaona ndi maso angawa, zina anandiuza ndi akazi awo, mayi Faustina, tikusoka fodya.

A Jeremiya anali mlimi wa fodya ngati bambo wina aliyense kuno: munda wa ekala ndi theka, chigafa chimodzi chaudzu choyanikamo fodyayo, basi. Koma pa nkhani ya kavalidwe, ayi ndithu, anali okhaokha. Jekete yawo yabuluu ankaisita okha ndi simbi ya makala Loweruka lililonse. Nsapato ankazinyamula m'manja n'kukazivalira pakhomo la tchalitchi kuti zisadye fumbi. Pamkono pankakhala wotchi yopukusa ya malemu bambo awo. Wotchiyo inaima chaka china atagwa nayo mumtsinje, ndipo kuyambira pamenepo nthawi ankaionera pa mthunzi wa chigafa. Mthunziwo ukangochoka pa mwala wonolera makasu, ankanyamuka kukaimba belu woyamba. Sankaphonya. Koma pamkono popanda kanthu pankawapweteka mtima. Ankati munthu wopanda wotchi ali ngati nyumba yopanda chitseko.

Matenda anayamba ndi mutu wa kunkhongo. Kuchipatala anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, BP imene ija, ndipo anawalembera m'buku kuti azibwera mwezi uliwonse kudzayezetsa ndi kutenga mapilitsi. Anawachenjeza poyera kuti akasiya mankhwala, tsiku lina adzafa ziwalo kapena adzangogwa osadzukanso. Vuto lake, chipatala chili kutali. Kupalasa njinga kuyambira m'mawa, kukakhala pamzere, kubwerako dzuwa litapendeka. Kwa mlimi wa fodya tsiku limodzi si lamasewera. Komabe anapirira chaka chathunthu, mwezi ndi mwezi, mayi Faustina akuwakumbutsa.

Ndiye kunabwera mwezi wa Ogasiti umene anagulitsa fodya wawo. Ali ku boma ku Kasungu, pafupi ndi depoti, wogulitsa wina wa patebulo anawaitana.

"Madala! Tabwerani muone dokotala wa pamkono!"

Inali wotchi yamakonoyi, yoyaka ngati foni. Galasi lakuda la ngodya zinayi, lamba wofewa, ndipo kumbuyo kwake kankaphethira kamagetsi kobiriwira. Mukaisisita ndi chala inkasintha nkhope: ina ya mivi ngati wotchi yakale, ina ya manambala akuluakulu, ina ya maluwa. Inkawerenga mapazi amene munthu wayenda. Ndipo wogulitsayo anawaonetsa pamene pali kachithunzi ka mtima wofiira. Mukadina pamenepo n'kudikira pang'ono, inkakuuzani mmene mtima ukugundira ndi mmene magazi akuthamangira.

A Jeremiya anafika kumudzi atapinda dzanja la malaya la kumanzere lokha.

"Amake Goodness, tabwerani mudzaone. Mavuto athu atha."

"Mavuto ake ati? Mwagula feteleza?"

"Feteleza tigula. Onani apa. Ikuti 120 pa 80. Mukukumbuka anamwino aja anati ndizifika pati?"

"Anati 120 pa 80."

"Nanga siimeneyi? Ndafika."

Mayi Faustina anaiyang'ana nthawi yaitali. Kukongola kokha anavomereza kuti inali yokongola.

Lamulungu lotsatira, anthu sanamve kwenikweni ulaliki. A Jeremiya akangokweza mkono kuti atsegule buku la nyimbo, galasi lija linkayaka lokha, ndipo mzere wonse wa kumbuyo unkasuzumira. Titatuluka anawazungulira. Amayi a Mvano ankapereka mikono kuti ayezedwe, ndipo aliyense inkamuuza kuti ali bwino. Ngakhale agogo ena amene amayenda ndi ndodo ziwiri inawauza kuti ali bwino. Tonse tinaseka, tinawombera m'manja. Lero ndikakumbukira kuwomba m'manja kumene kuja ndimachita manyazi, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadabwa kuti zatheka bwanji kuti mpingo wonse ukhale wopanda wodwala.

Chilema cha wotchiyo, chimene tinkachiona ifeyo, chinali moto wa batire yake. Pa katoni analemba kuti imakhala masiku asanu ndi awiri. Bodza lenileni. Tsiku limodzi ndi theka, basi yazima. Kwathu magetsi kulibe, ndiye a Jeremiya ankapita nayo pa sitolo kwa Alick, wometa tsitsi amene ali ndi sola padenga. Tchaja chake chinali kachingwe ka maginito komata kumbuyo, kosiyana ndi ka foni, moti ankakasunga m'thumba la jekete atakakulunga mumpango.

"Bwana mkubwa afika ndi mwana wawo wakhanda!" ankatero Alick akawaona. "Walira kale njala?"

"Iwe, meta anthu. Zinthu izi si za msinkhu wako."

"Koma madala, wotchi yodya katatu pa sabata? Bola mukanagula mbuzi, bwenzi itaswa."

"Mbuzi yako ingandiuze za mtima wanga?"

Ankakhala pa benchi maola awiri kudikira kuti idzaze, ali ndi chipewa pabondo, akuuza aliyense wobwera kudzametetsa kuti dzulo anayenda mapazi zikwi khumi ndi zinayi.

Mvula itagwa, ntchito inakula. Kuwokera, kuthira feteleza, kupalira, kubandira, kenako kuthyola ndi kusoka. Amene sanalimepo fodya sangamvetse: kuyambira Disembala mpaka Epulo munthu sumakhala pansi. Kumunda a Jeremiya ankaikulunga wotchi ija ndi kajumbo ka shuga kuti isade ndi utomoni wa fodya. Zala zawo zikanata ndi utomoniwo galasi linkakana kumva, ndiye ankalidina ndi mphuno. Ana ankafa ndi phwete. Iwo sankasamala. Kukachita mitambo masiku awiri, sola ya Alick inkafooka, wotchi n'kuzima, ndipo a Jeremiya ankakhala okwiya tsiku lonse ngati munthu amene waferedwa.

Kuchipatala anasiya kupita mu Novembala. Mapilitsi anatha mu Disembala.

"Abambo ake a Goodness," anatero mayi Faustina tsiku lina akusoka fodya pansi pa chigafa, "kwa Alick mumapita katatu pa sabata. Kuchipatala kamodzi kokha pamwezi kwakukanikani?"

"Kwa Alick ndi pafupi. Ndikapita kuchipatala, fodya uyu athyola ndani? Apsera m'munda."

"Ndithyola ine."

"Nokha? Ndipo ndikakatani? Akangondimanga chilamba chawo chija pamkono, n'kundiuza zomwe ndikuzidziwa kale. Onani. 118 pa 79."

"Nanga mutu umene mumagwira kunkhongowo?"

"Ndi dzuwa limeneli."

"Dzuwa lake liti, kunja kuli mitambo chonchi?"

"Mayi inu, kodi munaphunzira kuposa azungu amene anapanga chinthu ichi?"

Mayi Faustina anandiuza kuti pamenepo anangopitiriza kusoka fodya, chifukwa iwo sukulu analekezera sitandade 3. Anati, "Ndinaona kuti mwina wopusa ndine." Mawu amenewa amandipweteka kuposa ena onse m'nkhani muno.

Linali Lachinayi, mu Malichi, cha m'ma 9 koloko m'mawa. A Jeremiya anakwera m'chigafa kupachika mikangala ya fodya, mayi Faustina akuwapatsira ali pansi. Anapereka mkangala wina, osalandiridwa. Atakweza maso anaona amuna awo atatsamira mtanda, mlomo utapotokera mbali imodzi, malovu akutsika. Kenako anatsetsereka n'kugwera pa fodya.

Anawanyamula pa ngolo mpaka pamsewu, ndipo galimoto ya matola inakawafikitsa kuchipatala chachikulu ku boma dzuwa lili paliwombo. Namwino anawamanga lamba woyezera kudzanja lamanja, anapopa, anayang'ana, n'kupopanso kachiwiri.

"Mayi, bambowa amamwa mankhwala a BP?"

"Anasiya."

"Anawasiyitsa ndani?"

Mayi Faustina analoza wotchi. Inali idakali ndi moto, poti anali ataitchaja dzulo lake. Namwinoyo anadina pa kamtima kofiira kaja. Makina a chipatala ankati 210 pa 120. Wotchi inati 121 pa 80.

Namwinoyo sanakalipe. Anangovula wotchiyo pamkono pa a Jeremiya, n'kutenga botolo la thobwa limene mayi Faustina ananyamula m'chitenje, n'kulimanga wotchi ija. Anadina. Kamagetsi kobiriwira kanaphethira pa thobwa. Patapita kamphindi manambala anatuluka: mtima 76, magazi 119 pa 78.

"Mwaona mayi? Thobwa lanuli lili bwinobwino, silikufunika mankhwala. Timawotchi totchipati tambiri sitiyeza kanthu, timangotchula manambala amene munthu angakonde kumva. Bambowa si oyamba."

A Jeremiya anali maso. Sankatha kuyankhula, koma anaona zonse. Mayi Faustina amati diso lawo lamanja linayang'ana botolo lija mpaka misozi inatsikira m'khutu.

Anakhala m'chipatala milungu itatu, akazi awo akugona pansi pambali pa bedi. Kuno fodya anapsera m'munda. Anthu a mpingo anathandiza masiku awiri, koma nawonso wawo anali atacha, ndani angamusiye? Amene anali m'chigafa anadontheredwa ndi mvula, palibe womutembenuza, anachita nkhungu n'kuda bii. Chaka chimenecho pakhomo pawo sipanatuluke belo la fodya ngakhale limodzi.

Anabwerako mbali yonse ya kumanzere itafa, mwendo ndi dzanja lomwe. Mawu anabwerera pang'ono, koma olemera, ngati munthu amene ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Kuchipatala anati mkonowo sudzagwiranso khasu. Mapilitsi tsopano amamwa, amene amakawatenga ndi mayi Faustina, wapansi, poti njinga sadziwa kupalasa. Amachoka m'mawa, amabwera madzulo, ndipo munda theka wagonera.

Ine ndinkaganiza kuti wotchi ija anaitaya m'chimbudzi. Alick nayenso ankaganiza choncho. Anabwera kudzawazonda, n'kukhala pa khonde chipewa chili m'manja, nthabwala zonse zitamuthera.

"Madala, ine ndinkangoti ndi yadyera. Sindinkadziwa kuti ndi yabodzanso."

"Nane," anatero a Jeremiya. Panatenga nthawi kuti liwu lachiwiri lituluke. "Nanenso."

Koma Lamulungu loyamba atabwerako, mayi Faustina atawasambitsa n'kuwaveka jekete yabuluu ija kuti akhale pa khonde, a Jeremiya ananyamula dzanja lakufalo ndi dzanja lamoyo, n'kuliika pabondo, n'kuloza pamkono.

"Chiyani? Chimene chija? Ayi, abambo ake a Goodness. Chinakuphani chimene chija."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukuchifuniranji?"

"Pamkono... pali pambalambanda. Anthu adutsa."

Mayi Faustina analowa m'nyumba, n'kuitulutsa m'chitini cha singano zosokera fodya momwe anaiponya. Anawamanga. Dzanjalo linali litayamba kuwonda, moti anachita kuboola bowo lina pa lamba ndi msomali. Kachingwe ka maginito kokha anakaponya pamoto, a Jeremiya akuona.

Mpaka lero amaivala. Galasi lake ndi lakuda, siliyaka, koma amalipukuta ndi m'mphepete mwa jekete. Mukadutsa pa njira ya kudambo Lamulungu m'mawa mudzawaona pa khonde, atavala bwino kuposa onse opita kutchalitchi, kumene iwo sangafikeko.

Ntchito ya belu a mpingo anapatsa munthu wina, amene amadalira foni yake, ndipo foniyo nayo imatha moto. Sabata yatha ndinadutsa pamenepo ndikupita ku mapemphero. Ndinawapatsa moni, koma sanandiyang'ane. Maso awo anali pa chigafa, chimene tsopano denga lake lagwa mbali imodzi. Mthunzi unali utachoka kalekale pa mwala wonolera uja, ndipo kutchalitchi kunali zii.

"Amake Goodness," anaitana, mawu akukokeka. "Achedwa."

"Ndamva," anayankha mayi Faustina ali m'nyumba. "Imwani kaye mankhwala."