Mmene ndinasankhitsira bambo injini yolemera

Bambo anga atapuma ntchito ya ukalaliki, anthu a m'bairo yathu ya Chiuaula, dera lina la m'tauni ya Lichinga, ankayesa ayamba kuweta nkhuku ngati anzawo. Iwo anayamba kupanga ndege. Osati ya mawaya yoseweretsa ana ayi, koma yokwera munthu, kuseri kwa nyumba pamene amayi amayanika zovala. Mafupa ake anali mapaipi, mapiko a nsungwi okutidwa ndi lona, mateyala a wilibala, mpando wapulasitiki wodulidwa miyendo. Chopukusa mphepo cha kutsogolo anasema okha pa thabwa, nkumachitcha elisi monga muja linalembera buku lawo la Chipwitikizi.

Ine ndinali m'kalasi ya khumi chaka chathachi, ndipo sukulu yonse imandidziwa chifukwa cha bilimankhwe amene anapezeka m'chikwama cha aphunzitsi. Mlandu umenewo sunathebe, mboni palibe. Koma kunyumba bambo amandikhulupirira, poti masamu ndimakhoza.

Chimene chinatsala chinali injini. Bambo anali nayo yawo, ya mtundu wotchedwa kwatru tempu, imene anaichotsa pa pampu yothirira mbatata. Injini ya mtunduwu ili ndi mimba yakeyake ya olyo wofewetsa zitsulo, imamwa gazolina, petulo uja, pang'ono, imalira modekha ngati chigayo, koma kulemera kwake mpaka anthu awiri kunyamulizana. Ndiye kunabwera amalume, achimwene awo a amayi, msodzi wa kunyanja ku Meponda, atanyamula thumba lonunkha usipa. M'thumbamo munali kainjini ka mtundu wina, wotchedwa doishi tempu, ka njinga yamoto imene kale ankakwerera nayo phiri ndi nsomba. Kameneka olyo wake umasakaniza m'gazolina momwemo, kamalira ngati mavu, kamamwa ngati chidakwa, koma ndinakanyamula ndekha osabuula.

"Alamu," anatero amalume, "munaonapo mbalame itabereka mtondo kumsana?"

"Nanga inu alamu, munaonapo injini zanuzi zikufa zitatsanzika? Zimangozima. Pamadzi mumatenga nkhafi. Ine kumwambako ndidzapalasa ndi chiyani?"

"Kumwambako mudzafikako bwanji ndi chimphika chanucho? Kuno ku Lichinga nkumtunda, mpweya ndi wochepa, injini iliyonse imafika itatopa kale. Ikani kopepuka aka. Wallahi, mudzaona bairo yonse ya Sanjala ili pansi ngati mphasa."

Mawu amenewo anandilowa, chifukwa ndinaona kuti akhoza kukhala oona. Bambo sanaphunzirepo kuyendetsa ndege. Ngakhale njinga yakapalasa anagwa nayo kawiri pabwalo lopanda ngakhale mwala. Amayi anali kusesa pamalo amodzimodzi kwa nthawi yaitali, ndipo nditadutsa pafupi ananena chapansipansi, "Kukwera adzakwera abambo akowa. Nanga kutsika?"

Pamenepo ndinaganiza zanga. Injini yolemera ikapambana, ndege sidzachoka pansi, ndipo ndidzakhalabe ndi bambo.

Awiriwo anagwirizana kuti sikelo iweruze. Anati adzamangirira mchira wa ndege ku mtengo wa bulugamu ndi chingwe, pakati pa chingwecho nkukoleka sikelo ija ya ngowe imene ogula nyemba amayenda nayo. Injini imene idzakoke kwambiri ndiyo idzakhale. "Sikelo sinama," anatero bambo, zomwe zinandionetsa kuti sanagulitsepo nyemba.

Linali Lachisanu. Amalume atamanga kainjini kawo kutsogolo kwa ndege, anasamba m'manja kuti apite ku mzikiti, nkundisiyira ntchito.

"Iwe wamasamu, kapu imodzi ya olyo pa makapu makumi anayi a gazolina. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Ndinamvadi. Ndinathira makapu asanu ndi atatu. Sindinalakwitse ayi, ndinawerenga bwinobwino mpaka omaliza, kenako nkugwedeza chigubu ndi mtima wonse.

Madzulo dzuwa likadalipo bwalo linali litadzaza. Ana anakwera pampanda, azimayi a m'bairo anaima chapatali atagwira pakamwa. Amalume anati bismillah, nkupukusa elisi. Kainjini kanatsokomola, kanatsokomolanso, kenako kanalira. Utsi umene unatuluka pamenepo sindinauonepo. Wobiriwira, wokhuthala, ndipo elisi inkauponyera kumbuyo molunjika pa chingwe choyanikira zovala pamene panali malaya oyera a kwaya a amayi. Nkhuku zinathawira kwa aneba. Mayi wina wa kuseri anathamanga ndi ndowa ya madzi akufuula kuti nyumba yapsa. Bambo, amene anagwada pa sikelo atavala magalasi, sankaoneka nkomwe. Tinkangomva mawu ali mu utsimo:

"Yakoka pang'ono! Yabwerera! Alamu, ikukoka ngati mwana wa mbuzi!"

"Dikirani itenthe!"

Sinatenthe. Inalavula madontho akuda, inachita phwi phwi, basi zii.

Mawa lake anamanga ya bambo. Inalira pu-pu-pu-pu mwaulemu, utsi osaoneka, singano ya sikelo inakwera nkukhazikika pamalo amodzi ngati munthu wofika kwawo. Bambo anavula magalasi nkuwapukuta pang'onopang'ono kuti aliyense aone.

"Alamu, sindinena kanthu."

Ndipo ananena zambiri.

Amalume anakhala pansi pa bulugamu, namasula vela ya kainjini kawo, kachitsulo kaja kotulutsa moto. Inali yakuda bii, ikudontha olyo. Anaiyang'ana, anainunkhiza, kenako anandiyang'ana ine. Anandikodola ndi chala.

"Iwe mwana, masamu akewa amaphunzitsa ndani?"

"Aphunzitsi abwino, amalume."

"Makapu angati?"

"Oposa imodzi."

Anayang'ana kukhonde kumene mlongo wawo ankachapanso malaya a kwaya, koma akuimba. Anaika vela m'thumba. "Injini yanga wainyozetsa pamaso pa anthu a kumtunda," anatero. "Usipa wa mwezi uno usauyembekeze." Koma kwa bambo sanandiulule.

Ndinagona ngati mfumukazi. Chimene ndinaiwala nchakuti bambo nawonso masamu amawadziwa.

Lamulungu titabwera ku misa anatenganso sikelo ija, naikoleka pa nthambi. Anayeza injini. Kenako analowa okha m'thumba la nyemba, amalume nkuwakoleka pa ngowe, miyendo ili lendelende, taye ili pakhosi. Atatsika analembalemba m'kope, nkhope ikugwa.

"Injiniyi ndi ine sitingakwere limodzi," anatero. "Pakufunika woyendetsa wopepuka. Wanzeru, wodziwa masamu, wosaposa theka la ine."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Amalume anaseka mpaka kofia inagwa.

"Mwana wangayo ayi!" anakuwa amayi.

"Angoyendetsa pansi, mayi, tione ngati mchira udzuka."

Ndikanakana. Koma ndikanati chiyani? Kuti injiniyo ndi yolemera, pamene ndine ndinaipambanitsa? Ndinayang'ana amalume. Anatsinzina diso limodzi, nanong'ona, "Kwera. Chimphika chimenecho ngakhale utachikankhira kuphompho chidzayamba chaganiza."

Tinaikankha mpaka ku kampu ya mpira, bairo yonse ili pambuyo. Anandiveka chipewa cha njinga yamoto chonunkha thukuta la munthu wina, nkundimanga pampando ndi chitenje cha amayi. Injini inalira pu-pu-pu, ndege inayamba kuyenda. Ndinagwiritsitsa ndodo yowongolera ndi manja awiri. Koma titadutsa pakati pa kampu ndinaona kamwana kovala kabudula wong'ambika kakundipitirira wapansi, kakudya chimanga.

"Onjeza moto!" bambo ankafuula kumbuyo. "Koka ndodo!"

Ndinaonjeza, ndinakoka. Mchira unadzukadi, koma chifukwa mphuno inali yolemera. Kumapeto kwa kampu kunali munda wa mbatata. Teyala linagunda mzere woyamba, ndege inagwada ngati ng'ombe yomwa madzi, elisi inathyoka, ine ndinatsala ndili lende pa chitenje, ndikuyang'ana nthaka yofiira.

Bambo anafika ali wefuwefu. Anandigwira mutu, mikono, miyendo, osayang'ana ndege nkomwe. Atatsimikiza kuti ndine wamphumphu anafunsa motsitsa mawu, "Mwana wanga, sinanyamuke ngakhale pang'ono?"

Ndinaona nkhope yawo, ndinaona anthu onse aja.

"Inanyamuka, bambo. Chala chimodzi. Ndinamva ndithu."

Mpaka lero amauza alendo za chala chimenecho, ndipo chakula, tsopano chafika pa mkono. Injini inabwerera ku pampu, mbatata zikuthiriridwa. Mapiko amayi amayanikapo nyemba. Kainjini ka amalume kanabwerera ku Meponda m'thumba lake lomwe lija, ndipo bambo akati alamu tibwerekeniko tiyesenso, amalume amati vela inasowa.

Malaya a kwaya sanayerenso. Amenewo okha ndiwo ndinapepesa, ndipo amayi anandipatsa chiwindi cha nkhuku osanena chifukwa.