Tsiku limene apongozi anandikalipira pa Liffey

Ndiyambe ndaulula ndekha, kuti ena akamadzakuuzani mukhale mutamva kale kwa mwini wake. Ine si munthu wa m'madzi. Kwathu ndi kumapiri a ku Ntcheu, kumene mtsinje umalekeza m'mawondo, ukakwiya ndiye m'chiuno. Bwato ndinakwerapo kamodzi kokha pa Shire ndili mnyamata, ndipo titangochoka pagombe ndinatsinzina, nditakumbatira thumba la chimanga la munthu wina. Koma mukudziwa mmene pakamwa pamakulira munthu ukafika kunja. Pofika chaka chachitatu ndili kwa mwana wanga ku Blanchardstown, dera la mzinda wa Dublin, tchalitchi chonse chinkadziwa kuti ndinali katswiri wopalasa, woti ng'ona za ku Liwonde zinkandipatsa moni.

Ndiye tsiku lina akutchalitchi anakonza zoti tikaone mzinda wa Dublin tili pamadzi, m'timabwato tapulasitiki tija amati kayaki. Ine ndinati miyendo ikundivuta. Mnzanga wina wa ku Zambia, amene amati amagwira ntchito ya makompyuta koma ntchito yake yeniyeni ndi kundiputa, anati, "Ba mudala, bwato sapalasa na mendo. Tiyeni mukationetse manje." Anthu anaomba m'manja. Ndikanathawira kuti?

Tsono mumve nkhani ina kaye. Mkazi wa mwana wangayo ndi nesi ku chipatala cha Beaumont, mwana wa ku Dedza woleredwa bwino. Kwathu mpongozi ndi munthu woopana naye. Simuyang'anana m'maso, simukhala pampando umodzi, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Vuto ndi loti m'nyumba ya ku Blanchardstown mulibe tchire. Muli kanjira kopanikiza, koti tikakumana ine ndinkalowa m'bafa ngakhale ndilibe chochitamo, iwo n'kubwerera kukhitchini. Zaka zitatu mawu athu ankadzera mwa mwana wanga.

"Uwauze mayi kuti hita ya kuchipinda kwanga yafa." Iwo ali pomwepo, akupukuta mbale.

"Muwauze bambo kuti sinafe, anaithimitsa okha ndi chigongono."

Mwana wanga ankangotembenuza khosi uku ndi uku mpaka linkamupweteka.

Nzeru yanga inali yoti ndikakwere naye iyeyo, iye azipalasa ine ndizingogwedeza mutu ngati mphunzitsi. Koma m'mawa wa Loweruka lake foni inalira, akumuitana ku shifiti kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira. Anatisiya pa basi awiriwiri, ine mpando wakutsogolo, apongozi wakumbuyo kwenikweni. Ndinali nditamanga tayi, chifukwa munthu sapita kutauni ngati akupita kudimba.

Tinakumana ndi anzathu kumunsi kwa mtsinje wa Liffey, pafupi ndi mlatho wina wa zingwe zambiri ngati zeze wogonekedwa. Wotitsogolera anali mayi wamfupi wachiairishi, wa mawu ngati wezulo. Anatipatsa majekete oyandamitsa, langa n'kulimanga pamwamba pa tayi. Kenaka anati kayaki iliyonse anthu awiri. Aliyense anathamangira mkazi wake, mwamuna wake, mnzake. Titatsala awiri, mayi uja anafunsa ngati ndife a banja limodzi. Tinavomera tikuyang'ana mbali zosiyana.

"Zabwino zedi!" anatero. "Wodziwa akhale kumbuyo, ndiye amawongola bwato."

Tchalitchi chonse chinatembenukira kwa ine. Wa ku Zambia uja anali akupukuta kale misozi ya kuseka.

Chimodzi ndiyamikire: amene anapanga kayaki ayenera kuti anali ndi apongozi. Mumakhala wina kutsogolo wina kumbuyo, nonse kuyang'ana kumodzi. Mwambo sunaphwanyike ngakhale pang'ono.

Mayi uja anaonetsa kagwiridwe ka nkhafi, koma katswiri samvetsera za ana a sukulu. Ine ndinali kalikiliki kufotokozera bwato loyandikana nalo za kukula kwa ng'ona. Nditailandira nkhafiyo ndinaona kuti ili ndi mapeto awiri opalasira. Ndinakumbuka kuti bambo wotipalasa pa Shire paja, ndisanatsinzine, anali ndi ya mbali imodzi, ndipo ankaviika kumanja. Ndinati basi, azungu ndi anthu osamala, mbali inayi ndi sipeya.

Tinanyamuka. Poyamba zinkaoneka ngati zikuyenda. Tinadutsa chombo chakale cha milongoti itatu, chofanizira zimene kale zinkanyamula anthu othawa njala, ndi zifanizo za anthu owonda zitaima m'mbali mwa msewu, wina atanyamula mwana paphewa. Ndinati kani njala inafikanso kuno, kwa anthu a batala.

Kenaka mayi uja analoza chinyumba chachitali chotuwa cha denga lobiriwira ngati chipewa, nati kale katundu yense wolowa mumzinda ankalipirira msonkho pamenepo. Ndinachiona bwinobwino. Patapita kanthawi ndinachionanso. Nditachiona kachitatu ndinati anthu awa anamanga zingati zofanana? Ndiye ndinazindikira kuti anzathu onse ali kutsogolo, ife tikungozungulira pamodzimodzi ngati nkhuku yodwala chitopa.

Apongozi ankapalasa bwino, uku ndi uku, monga anaphunzitsira. Koma ine kumbuyo ndinkakumba kumanja kokhakokha ndi mphamvu zonse za munthu wolima mbatata, bwato n'kumakhotera kumanzere. Iwo ankadziwa. Koma akanandiuza bwanji, wotumidwa ali ku shifiti?

Anakhosomola. Kenaka analankhula kwa madzi.

"Kaya anthu ena akanayesako kuviika mbali inayo."

Pakhoma la mtsinje panatera mbalame yoyera ya kunyanja, ija yakuba tchipisi. Ndinaiyang'ana n'kunena, "Mbalame iwe, uwauze kuti kwathu timapalasa chonchi."

"Madzi inu, muwauze kuti kwawoko mwina mtsinje wake ndi wozungulira."

Ndinatsala pang'ono kuseka, koma ulemu wanga unali pamoto. Wotitsogolera anabwerera, chingwe chili m'manja. Anati madzi a kunyanja yamchere asintha posachedwa, ayamba kutuluka mumtsinje kubwerera kunyanja, ndipo ngati sitiwongoka atimangirira kumbuyo kwa bwato lake. Taganizani. Ine, wopatsidwa moni ndi ng'ona, kukokedwa pachingwe ngati mbuzi ya kumsika, pakati pa Dublin, mafoni a tchalitchi chonse akujambula. Pofika madzulo vidiyo ikanakhala ili ku Ntcheu.

Ndinapempha mphindi ziwiri. Ndinakumba kumanja mwamphamvu kuposa kale. Tinazungulira mwaliwiro kuposa kale.

Apo ndi pamene linalira lipenga. Bwato lalikulu lonyamula alendo, lija la magalasi, linali kubwera kumbuyo kwathu, ife titapingasa pakati pa mtsinje ngati chipika. Silinali kuthamanga, tisanamizane, ndipo mayi uja anali atakweza kale nkhafi kuliuza kuti lidikire. Koma kwa munthu wa kumapiri wokhala m'beseni, linkaoneka ngati sitolo yathunthu ikuyenda.

Apongozi anatembenuka. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatiwireni.

"Inu! Kumanzere! Viikani kumanzere, ndati!"

Si mawu a kukhitchini aja. Awa anali a kuwodi, amene amauzira odwala amakani kuti ameze mankhwala. Mkono wanga unamvera ndisanaufunse.

"Kumanja! Kumanzere! Osakumba, simukulima! Pang'onopang'ono! Kumanja! Khalani mowongoka, siyani zibwana!"

Zibwana. Ine. Wa tayi.

Koma bwato linawongoka, abale. Linayenda ngati lamva kuti kunyumba kwabwera alendo. Lalikulu lija linadutsa, anthu ake akutibayibitsa, mafunde n'kutinyowetsa mpaka m'matumba. Mayi uja anapinda chingwe chake.

Kuyambira pamenepo ndinauona mzinda kamodzikamodzi ngati munthu wabwinobwino. Tinalowa pansi pa mlatho waukulu wa mabasi, umene m'lifupi mwake muposa m'litali, kunsi kwake kukununkha ndere, mawu akumveka pawiri. Titatuluka ndinaona nsonga ya chisingano chachitsulo choimikidwa pakati pa mzinda chikubaya mitambo, chimene mpaka lero palibe wandiuza chimasoka chiyani. Kenaka kamlatho koyera kopindika ka Ha'penny, kamene kale ankalipiritsa munthu kuti awoloke ndi miyendo yake yomwe. Anthu anatsamira pazitsulo kutiyang'ana. Ndinawakwezera nkhafi.

"Nkhafi m'madzi!" anatero apongozi.

Ndinaibweza.

Tinakhotera pafupi ndi khoti lalikulu la denga lozungulira, madzi atayamba kutuluka, ndipo pobwerera anatinyamula okha. Wa ku Zambia anatipeza. "Ba mudala, kuja kuzunguluka kunali chani?"

Ndisanapeze bodza, apongozi anayankha osatembenuka. "Amayeza madzi. Akatswiri amayamba atero."

Anapalasa n'kutipitirira. Ine ndinangokonza tayi.

Titatsika, ndinaona apongozi akuvutika kugwada pamathabwa onyowa aja, jekete loyandamitsa likuwakanikiza pakhosi. Nkhope inali itagwa. Mwana woleredwa bwino anali atakalipira bambo a mwamuna wake pamaso pa mpingo, ndipo ankadziwa kuti nkhani zotere zikafika kumudzi zimakhala ndi miyendo isanu ndi umodzi.

"Bambo, ndalakwa. Pakamwa panathamanga."

Wotitsogolera anadabwa, nafunsa ngati ataya ndolo.

Kwathu, apongozi akafuna kumasukirana, wamkulu amapereka nkhuku. Ikadyedwa, kuopana kwatha. Ndinayang'ana uku ndi uku. Nkhuku yoyenda mu Dublin muipeza kuti? Koma kutsidya kwa msewu kunali kasitolo kokazinga.

"Dzukani mayi, mathabwa anyowa. Tiyeni uko."

Ndinagula miyendo iwiri ndi tchipisi m'kabokosi, n'kupereka ndi manja awiri, madzi akudontha m'thalauza. Anamvetsa. Analandira, naseka mpaka kutsamira khoma. Tinakhala pabenchi imodzi moyang'ana mtsinje, bokosi lili pakati.

"Ndikuuzeni chilungamo mayi," ndinatero, "ine bwato sindilidziwa."

"Ndikudziwa bambo. Mwana wanu anandiuza tisanakwatirane."

"Ndiye zaka zonsezi ndikamakamba za ng'ona?"

"Ndinkathawira kukhitchini kukaseka. Inu mumayesa ulemu?" Anandikankhira bokosi. "Idyani mwendo uwo usanazizire. Khungu musiye, mafuta achuluka."